Migolo Iwiri ya Buluu

Oudeveld, 9 Okutobala 1983

Ermelinda mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mwana wathu Graciete ndi mwamuna wake Acácio. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija layamba kundikumbutsa kuti chisanu chayandikira.

Ntchito ndaipeza. Chithereni ya kudoko ija ndakhala miyezi iwiri ndikungoyang'ana mvula pawindo, koma tsopano ndili ndi kampani imene boma laipatsa ntchito yoyeretsa malo a fakitale yakale kunja kwa tauni. Fakitaleyo inkapanga mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. Inagwa kalekale, eni ake sadziwika kumene analowera, ndipo zotsala zawo ankangokwirira kuseri. Chaka chino boma lalimbitsa lamulo lakuti malo otere akumbidwe, dothi loipa lichotsedwe, ndipo asatsekedwe mpaka a boma atavomereza. Tangoganiza, Ermelinda, ndinathawa khasu kwathu zaka khumi ndi zinayi zapitazo, lero eni dziko lino la Holande andipatsa fosholo. Koma malipiro ake akuposa a kudoko, ndiye sindidandaula.

Ndatumiza ndalama zakuno, magilida mazana anayi, kudzera kubanki. Ukonzetse denga la khola mvula isanalimbe, otsalawo usunge.

Tibério, mnzathu wa kumudzi uja, anyamuka Loweruka kubwera kumeneko ndi galimoto yake, ndipo ndamupatsa katundu wako: khofi, chokoleti cha Graciete, nsalu ya patebulo, ndi migolo iwiri ya pulasitiki ya buluu yokhala ndi zivindikiro zake. Unandilembera kuti bokosi la matabwa lija timasungiramo nyama ya nkhumba mumchere lafumbwa pansi. Usavutike ndi kalipentala. Migolo iyi siwola, khoswe sangaiboole, ndipo idzatisiya ife ikanali yatsopano. Ndinaipeza mu shedi kuntchito, yopanda kanthu, itasanjidwa mulu wonse kudikira kukawotchedwa. Mpanda sanaumalize, ndiye ndinatuluka nayo masana dzuwa likuswa mtengo, palibe anandifunsa. Anthu akuno, Adatchi, amataya zinthu zoti ukaziona mtima umawawa.

Ndaitsuka ndekha ndi madzi otentha ndi sopo, n'kutsirizira viniga. Ndalowetsamo mutu, palibe fungo ngakhale pang'ono. Olavo, mkulu wa ku Cabo Verde amene timagona naye chipinda chimodzi, anandipeza ndikuitsuka kubafa nati, "Belmiro, chimene Mdatchi wataya uzifunsa kaye chifukwa chake." Ndinamuyankha kuti Mdatchi amataya ngakhale mkate wa dzulo. Mkulu ameneyu amaopa ndi mthunzi wake womwe.

Upereke moni kwa a Ti Rosalina, mayi wamasiye aja, ndi onse ondifunsa.

Mwamuna wako,
Belmiro


Oudeveld, 27 Novembala 1983

Ermelinda,

Moni kwa iwe ndi onse a pakhomo. Kalata yako yandipeza ndili bwino, ndipo nditafika pamene walemba kuti Graciete ndi woyembekezera ndinadzambatuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Olavo anayesa kwagwa maliro. Nditamuuza anatulutsa kabotolo kamene amabisa mu jombo, tinamwa tonse. Ndiye ine Belmiro ndikhala agogo. Umuuze mwanayo asanyamule zolemera ndipo azidya bwino. Nkhumba ikaphedwa, zonona zonse zikhale zake, wina asakhudze.

Wafunsa kuti ntchito yake ndi yotani. Ukanandiona bwenzi utaseka mpaka nthiti kuwawa. Mpanda aumaliza tsopano, pachipata pali mlonda. M'mawa timalowa m'kanyumba ka zipinda zitatu. M'choyamba timavula zathu zonse, ndi kabudula yemwe. Chapakati ndi bafa. M'chachitatu timavala ovolosi yoyera mbee, jombo, magolovesi ndi chophimba kumaso chokhala ngati mphuno ya nkhumba. Potuluka umasamba kaye, ngakhale ukungofuna kukadya mkate wako. Ndikusamba katatu pa tsiku, ine uja unkandithamangitsira kubafa Loweruka. M'kati kusuta n'koletsedwa, kudya n'koletsedwa, ngakhale kukanda mphuno. Lole ikamatuluka amaitsuka matayala, ndipo madzi otsukirawo satayira pansi, amawatunga kupita nawo kwina. Lamulo lake akuti cha m'kati mwa mpanda sichituluka boma lisanadziwe, ngakhale msomali.

Woyang'anira wa boma ndi Mayi Terpstra, munthu wamtali ngati mlongoti. Amabwera pa njinga ndi timabotolo totengera dothi ndi madzi kukayeza, ndipo kapitawo wathu Wiebe amamuopa kuposa mkazi wake. Tsiku lina mnzathu wa ku Turkey anatola sipanala yabwinobwino m'dzenje naibisa m'thumba. Mayiyo anamubweza pachipata, sipanalayo n'kuiponya m'chidebe cha zokawotcha. Wiebe anangogwira m'mutu nati, "Amuna inu, wofuna sipanala andiuze ndimugulire, osati mundiphetse kwa mayi uyu." Onse anaseka. Nanenso ndinasekako pang'ono.

Ndakondwa kuti migolo yafika bwino ndipo anthu akubwera kudzaiona. Ngati a Ti Rosalina akufuna umodzi uwabwereke, poti nkhumba yawo amapha sabata imodzi ndi yathu. Asamati a ku Holande ndi oumira. Koma za kumene ndinaitenga usamafotokozere anthu, ungoti ndinagula.

Pa Khrisimasi sindibwera. Akuthamangitsa ntchito dothi lisanaume ndi chisanu, ndipo wopita kwawo akabwerera apeza wina pamalo pake. Acácio agwire mpeni wophera nkhumba chaka chino, nthawi yake yakwana. Mchere ugule wamiyala kusitolo kwa Amândio, koma maso ako akhale pa sikelo. Ugulenso simenti ya nyumba yathu yatsopano, matumba makumi awiri, mitengo isanakwere mu Januwale, uike pouma. Anzathu ogwira ntchito ku Faransa amanga nyumba zawo zosanja kumudziko, ifenso chilimwe chikudzachi tiyamba maziko.

Ndine wako,
Belmiro


Oudeveld, 15 Januwale 1984

Ermelinda,

Moni. Ndili bwino. Sabata yatha anatitenga magazi tonse monga lamulo linenera, ndipo anga akuti alibe vuto. Masoseji unanditumizira aja ndalandira, zikomo.

Tamvera bwino. Nyama imene ili mumgolo musadye. Uitulutse uitaye, ndi ya a Ti Rosalina yomwe. Ndamva kuno kuti pulasitiki ndi mchere siziyanjana, nyama imawonongekera m'kati ngakhale kunja ikuoneka bwino. Ndikudziwa kuti ndi nkhumba ya chaka chonse, ndipo waiweta ndi manja ako, kuiphikira mbatatesi m'mawa uliwonse. Ndatumiza magilida mazana asanu ndi limodzi. Ugule nkhumba ina, uwagulirenso a Rosalina, ndipo kalipentala apange bokosi la matabwa monga kale.

Lachiwiri tinayamba kuchotsa za mu shedi muja. Tisanayambe, Mayi Terpstra anatisonkhanitsa natiuza zimene oyeza apeza. Nkhani yake ndi yaitali, si ya m'kalata. Tsiku limenelo anativeka magolovesi awiriawiri, ndipo mgolo uliwonse tinkaulowetsa m'chidebe chachitsulo n'kuwotcherera chivindikiro. Mkate wanga wa masana ndinabwerera nawo kunyumba.

Kuno kwazizira zedi, madzi a m'ngalande aundana gwa ngati mwala, ana akutsetsereka pamwamba pake. Uchite zimene ndanenazi msanga, usadikire kalata ina.

Belmiro


Oudeveld, 12 Febuluwale 1984

Mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Ine thupi lili bwino, tulo ndiye tavuta.

Kalata yako ndaiwerenga ndipo yandilasa. Wati ndasanduka Mdatchi wotaya mkate wa dzulo. Wati walawa, nyamayo ndi yofiira bwino, ilibe fungo, ndipo mng'ono wako wa ku Faransa wakhala akuthira mchere m'pulasitiki zaka zisanu, palibe wafa. Wati ndalama zija wagulira njerwa. Wati sungapite kwa a Rosalina, mayi wamasiye, kukawauza kuti ataye nkhumba yawo chifukwa mwamuna wako wamva mphekesera ku Holande. Sindikukutsutsa. Ukanakhala mkazi wotaya nkhumba chifukwa cha kalata imodzi sindikanakukwatira.

Komabe ndikukupempha. Chikwatiranireni sindinakugwadirepo, lero ndagwada. Tsoka silinunkha, Ermelinda. Ngati kutaya kwakukanika, tsekera migoloyo m'chipinda ndi loko mpaka ndidzabwere, ndipo Graciete asalawe ngakhale kachidutswa. Sunandilembere ngati akudya kwa iwe kapena kwa apongozi ake. Pamenepa undiyankhe msanga.

Lamlungu ndinapita ku foni ya kusiteshoni, ndalama zachitsulo zili m'manja. Ndinazungulitsa manambala mpaka theka, n'kubweza. Ukudziwa pamene foni ya mudzi wathu ili: pa kauntala ya Amândio, pakati pa amuna osewera makhadi. Ikangolira onse amaika makhadi pansi, ndipo Amândio amabwerezera mawu ako amene akhala kumbuyo kuti asaphonye kanthu. Nkhani zina si za pa kauntala.

Olavo wasiya kundiyankhula. Amaphika zake n'kudya atandifulatira. Dzulo anangofunsa, maso ali m'mbale, "Wamuuza?" Ndinati ndalemba. Iye anati, "Sindinafunse ngati walemba."

Kuntchito dzenje lafika pakuya zedi, munthu ukakhala pansi umangoona thambo. Dothi lake ndi lakuda, lonyezimira, loti mlimi wosadziwa angalikhumbire. Malole akulinyamula tsiku lonse kupita nalo ku ng'anjo ya boma. Mayi Terpstra akandipatsa moni masiku ano ndimayankha ndikuyang'ana jombo zanga.

Mpesa wa kumtunda uja udulire mwezi uno usanathe. Ukalephera wekha, Acácio akuthandize.

Belmiro


Oudeveld, 4 Malichi 1984

Ermelinda,

Sindikudziwa ngati moni wanga uulandira, komabe ndikupereka. Thupi lili bwino.

Zimene ndinakuwa pa foni Lachisanu unazimva, ndipo theka la mudzi linazimva. Ndilembe mwadongosolo tsopano, poti pa foni paja ndinkangobwebweta.

Kalata yako inafika Lachinayi. Unalemba kuti Graciete wakhala kwa iwe chichokereni Acácio kukagwira ntchito ya msewu mu Januwale. Unati mimba yake ikukana nsomba, ikukana nkhuku, ikungofuna nyama yonona ya mumgolo, yokazinga, m'mawa ndi madzulo, ndipo iwe ukumupatsa monga ndinalamulira ndekha mu Novembala. Unatinso lero, Lamlungu lomaliza Lenti isanayambe, uphika miyendo ndi makutu a nkhumbayo n'kuitana abale onse. Ndinayamba kuwerenga ndili chiimire, ndinamaliza nditakhala pansi.

Lachisanu m'mawa ndinamudikira Mayi Terpstra poimika njinga. Ngakhale pamenepo ndinayamba ndi bodza.

"Mayi, mnzanga wina anatenga mgolo wa mu shedi mpanda usanathe. Koma anautsuka bwino, ndi madzi otentha."

Anandiyang'ana n'kufunsa: "Bambo Vaz, mnzanuyo waikamo chiyani? Madzi?"

"Nyama ya nkhumba. Mumchere."

Anatsamiritsa njinga kukhoma. "Akanaikamo madzi bwenzi mtima wanga uli pansi. Ndinanena mu Januwale, munalipo, munakhala kutsogolo. Mankhwala amenewa amalowerera m'pulasitiki ndipo madzi sawachotsa, koma akapeza mafuta amasamukira momwemo. Akudya ndani?"

Ndinati mwana wanga. Za mnzanga zija zinathera pomwepo. Ndinati ndi woyembekezera.

Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangofunsa kuti ndinazindikira liti, ndipo ndinati tsiku lomwe lija la msonkhano. Kenako anafunsa ngati kwathu kuli foni. Ndinati ilipo, koma ili m'sitolo, pagulu la anthu.

"Ndiye mukuopa anthu a m'sitolo," anatero.

Ananditengera ku ofesi yake, nandipatsa foni m'manja, naima pomwepo mpaka Amândio atakuitana. Zotsatira ukuzidziwa.

Za pulasitiki ndi mchere zija ndinakunamiza, Ermelinda. Mumigolo ija munali chiphe cha fakitale, chokhachokha chosasakaniza ndi kanthu. Kutenga ndinatenga mosadziwa, safunsa anadya phula, ndipo Olavo ananditsina khutu ine n'kumuseka. Koma kuyambira Januwale ndinkadziwa. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, inde, koma chachikulu ndinkaopa kuti mudzi udzati munthu wa ku Holande uja anatumizira mkazi wake zotola kudzala. Ndinasunga nkhope yanga mwana wanga akudya chiphe. Ndili ndi manyazi oti ngakhale pometa ndevu sindikudziyang'ana.

Tsopano uchite izi. Nyama yonse ndi mchere wake ibwerere mumigolo, ya a Rosalina yomwe. Usawotche, utsi wake ndi woipa. Usapatse agalu. Usakwirire, kwathuko madzi ali pafupi ndipo chitsime n'cha anthu onse. Kuno zotere zimapita ku ng'anjo ya boma. Kwathu sindikudziwa ngati iliko, koma mayiyu akuti alembera a boma a kumeneko. Podikira utseke zivindikiro, uzimange ndi waya, ndipo Acácio abwere amange kachipinda pa thanthwe la m'munda wa kumtunda, kofolera bwino, kopanda windo, kokhala ndi loko. Simenti ndi njerwa za nyumba zija zigwire ntchito imeneyi.

Pepala ndaika m'katimu lili ndi dzina la mankhwalawo, walemba ndi mayiyo. Graciete apite nalo kuchipatala chachikulu ku Porto sabata ino, asadikire dokotala wathu wobwera Lachitatu lokha uja.

Belmiro


Oudeveld, 22 Epulo 1984

Ermelinda,

Pasaka wabwino kwa nonse. Ndili bwino. Zikomo kuti walemba, ngakhale kalatayo ndi yaifupi ndipo dzina langa mulibe.

Ndamva zimene madokotala anena. Chiphecho achipeza m'magazi a Graciete, mwana akukula ndipo mtima wake ukugunda bwino, koma sangalonjeze kanthu. Ndamvanso zoti akadzabadwa asadzayamwe, poti chiphecho chimatulukira mumkaka. Mzere umenewo ndinauwerenga kamodzi, sindinaubwereze. Za magazi ako sunanene kanthu. Ndikudziwa kuti zonona unkamusiyira mwana iwe n'kumadya mafupa, komabe ukayezetse.

Wati kwa a Rosalina unapita wekha ndi wilibala, ndipo iwo anangokuthandiza kukweza mgolo. Ulendo umenewo unali wanga, wayenda ndiwe. Ndathokoza Mulungu kuti nyama yawo anali asanaikhudze kwenikweni, akuisungira nthawi yokolola. Umphawi wawo ndi umene wawapulumutsa. Uwagulire ana a nkhumba awiri, osati mmodzi, ndipo akakana usawakakamize.

Tibério wandiuza zimene iwe sunalembe. Akuti kachipinda ka pa thanthwe kaja kakuonekera kumsewu, ndipo kwa Amândio akukatcha nyumba ya Belmiro. Akuti a ku Faransa amanga zokhala ndi khonde m'mwamba, wa ku Holande wamanga yopanda windo. Aseke, sakulakwa. Chikundipweteka n'chakuti ine ndili kuno, ndipo wodutsa pakhomo pa sitoloyo popita kutchalitchi ndiwe.

Kuno nakonso zadziwika. Mayi Terpstra anakanena, poti lamulo silimulola kubisa, ndipo anandiuziratu kuti akanena. Anandiitana akuluakulu a kampani. Wiebe anandiikira kumbuyo, nati mpanda unali usanathe ndipo mlonda kunalibe, ndiye mlandu si wanga ndekha. Sanandichotse, koma andisamutsira pachipata kukatsuka matayala a malole, ndipo malipiro atsika. Mwezi uno ndatumiza magilida mazana awiri okha. Anzanga akunditcha Bwana Migolo. Akabwera antchito atsopano, Wiebe amawaimika pachipata pomwepo n'kuwasimbira za munthu wina amene anatumiza migolo kwawo. Dzina satchula. Ine ndimakhala pambali pake ndi paipi yanga ya madzi.

Olavo wayambiranso kundiyankhula. Lero waphika nyemba ndi chimanga za kwawo, nandiikira mbale osandifunsa.

Graciete ndamulembera kawiri, sanayankhe. Usamukakamize.

Mwamuna wako,
Belmiro


Oudeveld, 29 Julayi 1984

Ermelinda mkazi wanga,

Moni kwa iwe, kwa Graciete, kwa Acácio, ndi kwa mlendo wathu Abílio. Mwachita bwino kumupatsa dzina la bambo ako. Wati wabadwa wocheperako koma zala ndi zokwanira, amalira mwamphamvu ndipo botolo salikana. Ndinapita kutchalitchi cha kuseri kwa msika kukayatsa kandulo, ndipo ndinakhalamo mpaka inatha.

Ntchito yathu yatha. Lachinayi malo aja anawatseka. Dothi loipitsitsa linapita kung'anjo, koma lonse silikanatheka kuchotsa, akuti lingafike pansi penipeni. Ndiye pamwamba tinathira dongo n'kulitsendera, kenako pulasitiki yakuda yochindikala, kenako mchenga, kenako dothi labwino, n'kudzala udzu. Wodutsa lero angati ndi kaphiri kodyetsera nkhosa. Kunabwera a meya ndi ojambula zithunzi, tinamwa khofi ndi keke titavala zovala zathu. Ine ndinaima kumbuyo pafupi ndi mpanda.

Mozungulira kaphiriko asiya mapaipi achitsulo otulukira pansi, ali ndi loko pamwamba. Ndinafunsa Mayi Terpstra ntchito yake, poti malowo atsekedwa. Anati lamulo likuti azibwera kudzatunga madzi a pansi n'kuwayeza kwa zaka makumi atatu, mwina kupitirira, ndipo pamenepo sipadzamangidwa nyumba kapena kulimidwa. Anati iye adzapuma ntchito mapaipiwo akanali kutsegulidwa. Ndinakumbukira zimene walemba, kuti madokotala a ku Porto akufuna azimuona Abílio chaka ndi chaka mpaka atakula. Sindinamuuze mayiyo, koma ndikuganiza kuti anaona pankhope panga. Za migolo yathu akuti a boma a kwathu sanayankhebe, walembanso kachiwiri. Loko wa pa thanthwe uzimuthira mafuta asachite dzimbiri.

Pansi pa kalata yako pali mzere umodzi wa dzanja la Graciete, woyamba kundilembera chiyambire Malichi. Kaya unauwerenga usanamate. Walemba kuti: "Bambo, poti malamulo mumawadziwa ndinu, mkaka wangawu ndizitaya kuti?"

Unandiuza kuti mabere amutupa, amafinyira m'kapu akulira, mwana ali pambali ndi botolo. Funsolo ndinapita nalo kwa Mayi Terpstra, chifukwa sindifunanso kuyankha chinthu ndisanafunse. Ndinayesa kulinena m'Chidatchi, mawu anandithera pakati, koma anamva. Anavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali. Anati ndi wochepa, atha kuthira m'chimbudzi, asathire kumunda kapena pafupi ndi chitsime, ndipo asapatse mphaka. Umuuze choncho. Umuuzenso kuti ndamva chimene amandifunsa kuseri kwa mawu akewo, ndipo yankho lake ndilibe.

Ndibwera pa 11 Ogasiti ndi galimoto ya Tibério. Ndikudziwa kuti sabata imeneyo a ku Faransa adzakhala akulowa m'mudzi akuliza mahutala. Ine ndidzatsikira pamphambano ya kumunsi, ndidzayenda wapansi, ndipo ndidzadzera kwa a Rosalina ndi kwa Amândio ndisanafike kunyumba, kuti aliyense anene zake ndili pomwepo. Usaphe nkhuku. Ngati Graciete safuna kuti ndimunyamule mwanayo usamuumirize, ndidzamuonera pakhomo.

Katundu wanga ulendo uno ndi zitini za mkaka wa ana basi, makatoni anayi. Zonse ndagula kusitolo, zosatsegula, ndipo malisiti ndasunga kuti udzaone ndi maso ako.

Mwamuna wako,
Belmiro